Ma Levellers a ku England: nkhondo yapachiweniweni imene inawakweza ndiyo inawagwetsa

Pa 28 Okutobala 1647, m'tchalitchi cha St Mary ku Putney, m'mphepete mwa mtsinje wa Thames kufupi ndi London, munayamba msonkhano umene anthu a nthawi imeneyo sankaganiza kuti ungachitike. Akuluakulu a gulu lankhondo la Nyumba ya Malamulo, omwe anali atagonjetsa Mfumu Charles Woyamba, anakhala pansi pamodzi ndi nthumwi za asilikali wamba komanso amuna ochepa ochokera mumzinda, n'kuyamba kukambirana funso lakuti ndani ayenera kusankha olamulira dziko. Patangodutsa chaka ndi theka, atsogoleri a anthu amene anabweretsa funsolo anali m'ndende ya Tower of London, ndipo asilikali owatsatira ankawomberedwa ndi anzawo omwe anamenya nawo nkhondo mbali imodzi.

Adani awo anawapatsa dzina lakuti ma Levellers, pofuna kuwonetsa kuti ndi anthu ofuna kulanda chuma cha olemera kuti aliyense afanane, mlandu umene iwo anaukana mpaka mapeto. Zimene ankafuna zinali zakuti Nyumba ya Malamulo izisankhidwa pafupipafupi ndi amuna ambiri, malamulo azigwira ntchito mofanana kwa wolemera ndi wosauka, munthu asakakamizidwe pa nkhani ya chipembedzo, ndiponso pakhale pangano lolembedwa loikira malire ngakhale aphungu amene. Nkhani yawo imathandiza kumvetsa chifukwa chimene magulu oyambirira olimbikitsa ulamuliro wa anthu amagonjera pamene dziko lili pa nkhondo yapachiweniweni. Ine ndimaona kuti gwero la kugonjako lili m'nkhondo momwemo: nkhondo ndiyo inawatsegulira khomo, koma mphamvu zonse zimene inawapatsa zinali ndi eni ake ena.

Nkhondo isanayambe, maganizo otere sakanatha kumveka pagulu. Charles analamulira zaka 11, kuyambira 1629 mpaka 1640, popanda kuitanitsa Nyumba ya Malamulo, ndipo bwalo lake la milandu la Star Chamber linkalanga aliyense wosindikiza kapena kufalitsa mabuku opanda chilolezo. Mu 1638 bwaloli linalamula kuti mnyamata wina dzina lake John Lilburne akwapulidwe m'misewu ya London kuchokera ku ndende ya Fleet mpaka ku Westminster chifukwa cha mabuku otsutsa mabishopu. Bwaloli litathetsedwa mu 1641, ndipo nkhondo itabuka mu 1642, panalibenso amene akanatha kutseka pakamwa pa anthu. Timabuku totsika mtengo tinasefukira mumzinda, mipingo yodziyimira payokha inayamba kusonkhana poyera, ndipo amisiri ndi amalonda ang'onoang'ono anazolowera kukambirana nkhani za boma. Chachikulu n'chakuti aphungu, pofuna kuti anthu awathandize kumenyana ndi mfumu yawo, ankanena kuti mphamvu zawo zimachokera kwa anthu. Lilburne ndi anzake Richard Overton ndi William Walwyn anawagwira pa mawu omwewo. Ngati mphamvu zimachokeradi kwa anthu, iwo anatero, ndiye kuti anthuwo ali pamwamba pa aphungu monga momwe aphungu akudziikira pamwamba pa mfumu.

Podzafika 1647 anali ndi otsatira ambiri mu London ndi madera ozungulira. Ankakumana m'nyumba zomwera mowa, ankasonkha ndalama zosindikizira timabuku, ankayenda khomo ndi khomo kusainitsa zikalata za madandaulo. Madandaulowo anali a anthu otuluka thukuta: msonkho wa pa katundu wogulidwa umene unayamba mu 1643, chakhumi chokakamiza cha mpingo wa boma, makampani akuluakulu amene ankaletsa ena kuchita malonda, kutsekera anthu m'ndende chifukwa cha ngongole, ndi malamulo olembedwa m'Chilatini ndi Chifalansa chakale omwe munthu wamba sakanatha kuwawerenga. Koma zikalata zokha sizinasunthe kanthu. Chikalata chawo chachikulu cha mu Malichi 1647 aphungu analamula kuti chitenthedwe. Zinthu zinasintha pokhapokha pamene asilikali nawonso anakwiya.

Gulu lankhondo latsopano, New Model Army, linakhazikitsidwa mu 1645 pansi pa Sir Thomas Fairfax, Oliver Cromwell akutsogolera apakavalo, ndipo ndilo linaphwanya asilikali a mfumu ku Naseby mu Juni chaka chomwecho. Nkhondo itatha, aphungu otsogoleredwa ndi Denzil Holles anafuna kulithetsa mwachangu, kutumiza ena ku Ireland ndi kubweza otsalawo kwawo ndi malipiro a masabata ochepa chabe. Panthawiyi asilikali oyenda pansi anali ndi malipiro a masabata 18 osalandira, apakavalo a masabata 43. Ankaopanso kuti akangovula yunifolomu adzaimbidwa milandu pa zimene anachita pankhondo, monga kutenga akavalo a anthu polamulidwa ndi akuluakulu awo. Atalemba chikalata chodandaula, aphungu anawatcha adani a boma. Apa asilikali anasankha nthumwi zawo m'chigawo chilichonse, zomwe zinkatchedwa ma Agitators, ndipo mu Juni 1647 ku Newmarket anagwirizana kuti sadzabalalika mpaka madandaulo awo atamveka. Anakhazikitsa bwalo lalikulu la gulu lankhondo momwe asilikali wamba awiri ochokera m'chigawo chilichonse ankakhala pamodzi ndi akuluakulu awo, ndipo analengeza kuti iwo sanali asilikali aganyu ongomenyera ndalama.

Mgwirizano wa ma Levellers ndi asilikaliwa ndiwo unabala chikalata chotchedwa Agreement of the People, pangano limene ankafuna kuti anthu onse alisainire kuti likhale maziko a boma latsopano. Linkati Nyumba ya Malamulo imene inalipo ithe pofika kumapeto kwa Seputembala 1648, zisankho zizichitika zaka ziwiri zilizonse, mipando ya aphungu igawidwe motsata chiwerengero cha anthu okhala m'dera, ndipo pakhale zinthu zimene aphungu sangazikhudze, monga chipembedzo cha munthu ndi kumukakamiza kulowa usilikali. Pangano limeneli ndilo linawerengedwa ku Putney.

Timadziwa zimene zinalankhulidwa kumeneko chifukwa mlembi wa gulu lankhondo, William Clarke, analemba mawu a olankhula, ndipo zolemba zakezo zinapezeka ku Worcester College ku Oxford chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Pa tsiku lachiwiri, Henry Ireton, mkamwini wa Cromwell komanso katswiri wa zamalamulo pakati pa akuluakuluwo, anafunsa ngati mawu akuti chiwerengero cha anthu akutanthauza kuti mwamuna aliyense azivota. Nthawi imeneyo m'madera akumidzi ankavota ndi okhawo okhala ndi malo awoawo opindulitsa mashilingi 40 pachaka, lamulo lochokera mu 1430. Colonel Thomas Rainsborough anayankha kuti munthu wosaukitsitsa m'England ali ndi moyo wake woti akhale nawo chimodzimodzi ndi munthu wolemekezeka kwambiri, choncho aliyense woti akhale pansi pa boma ayenera kuyamba wavomereza yekha kudziika pansi pa bomalo. Ireton sanagwedezeke. Anati woyenera kulankhula pa za dziko ndi yekhayo amene ali ndi chuma chokhazikika m'dzikomo, malo kapena gawo m'malonda a m'mizinda, ndipo anachenjeza kuti ngati munthu angatenge voti pongonena kuti ndi ufulu wake wachibadwidwe, mawa adzatenga munda wa mnzake pa chifukwa chomwecho.

Mawu amene amandikhudza kwambiri pa mtsutsowu ndi a asilikali eni ake. Rainsborough anafunsa kuti nanga msilikali wakhala akumenyera chiyani nthawi yonseyi, ngati mapeto ake n'kudziika yekha mu ukapolo ndi kupereka mphamvu kwa anthu achuma. Edward Sexby, mmodzi wa nthumwi za asilikali wamba, anati iwo anaika moyo wawo pachiswe kuti apeze ufulu wawo wobadwa nawo, ndipo tsopano akumva kuti wopanda malo alibe ufulu uliwonse, zimene zikusonyeza kuti ananamizidwa. Pa kulankhula, mbali ya Rainsborough inapambana, ndipo ambiri mu msonkhanomo anaoneka kuti akuvomereza zoti amuna onse azivota kupatula antchito apakhomo ndi opemphapempha. Koma Cromwell ndiye anali wapampando. Pa 8 Novembala anapereka ganizo lakuti nthumwi zonse zibwerere ku zigawo zawo, ndipo m'malo mwa msonkhano umodzi wa gulu lonse lankhondo, umene ma Levellers ankayembekeza kuti udzavomereza panganolo ndi mfuu imodzi, akuluakulu anakonza misonkhano itatu m'malo osiyana.

Kenako mfumu inathawa. Usiku wa pa 11 Novembala Charles anazemba ku Hampton Court komwe ankasungidwa n'kukafika ku chilumba cha Isle of Wight, ndipo mwezi wotsatira anapangana mwachinsinsi ndi a ku Scotland kuti amuthandize ndi asilikali. Kuthawaku kunathandiza Cromwell kuposa mfundo iliyonse imene Ireton ananena ku Putney. Msilikali aliyense anazindikira kuti nkhondo ikhoza kuyambiranso, ndipo kuti mfumu ikabwerera ndi mphamvu, chingwe chidzakhala chimodzi kwa mkulu wa asilikali ndi kwa msilikali wamba. Pa 15 Novembala ku Corkbush Field kufupi ndi Ware, zigawo ziwiri zinabwera zosaitanidwa, asilikali atatsomeka mapepala a panganolo pa zipewa zawo pamodzi ndi mawu onena za ufulu wa England ndi ufulu wa asilikali. Akuluakulu analowa pakati pawo n'kuwalamula kuchotsa mapepalawo. Atatu anaweruzidwa kuti aphedwe, anachita maere, ndipo Richard Arnold anawomberedwa pamaso pa anzake. Ena onse anasainira kuti adzamvera Fairfax, yemwe anawalonjeza kuti adzawamenyera nkhondo ya malipiro awo.

Zimene zinachitika ku Ware zikuwonetsa vuto lalikulu la gulu lililonse lofuna demokalase pakati pa nkhondo. Demokalase imafuna nthawi yotsutsana, ufulu wokana, ndi mwayi wosintha atsogoleri, pomwe gulu lankhondo limapambana chifukwa chomvera lamulo popanda kufunsa. Malinga ngati mdani ali pakhomo, mtsogoleri wa asilikali amakhala ndi mfundo imene palibe angaitsutse mosavuta, yakuti tiyambe tapambana, zaufulu tidzakambirana pambuyo pake. Mfundoyi siikhala yabodza nthawi zonse, ndipo apa ndi pamene pali kuwawa kwake. Mu 1648 nkhondo inabukadi kachiwiri ku Wales, ku Kent, ku Essex ndi kumpoto, asilikali a ku Scotland analowa m'dziko, ndipo anagonjetsedwa ku Preston mu Ogasiti ndi gulu lankhondo lomvera ndi logwirizana. Asilikali okonda ma Levellers anamenya nawo nkhondoyo mokhulupirika, ndipo chipambano chilichonse chinkawonjezera ulemu wa Cromwell pakati pa asilikali omwe ma Levellers ankawadalira. Rainsborough, mkulu wa asilikali yekhayo wotchuka amene anali kumbali yawo, anaphedwa ku Doncaster kumapeto kwa Okutobala 1648 ndi anthu a mfumu amene anabwera kudzamugwira.

Mphamvu za ma Levellers m'gulu lankhondo zinali ngati khasu lobwereka, limene mwini wake amadzalitenga tsiku lomwe mvula yagwa. Asilikali ambiri chimene chinawakwiyitsa chinali malipiro, chitetezo ku milandu, ndi chisamaliro cha akazi amasiye ndi olumala pankhondo. Alipo amene anawerenga timabuku ta Lilburne n'kukhulupirira ndi mtima wonse, koma unyinji unkatsatira aliyense wooneka kuti angathe kubweretsa ndalamazo. Ma Levellers ankatha kufotokoza chifukwa chimene msilikali akuvutikira, koma amene akanatha kukakamiza Nyumba ya Malamulo kutolera msonkho ndi kulipira anali Fairfax ndi Cromwell. Mu 1649 boma latsopano linagulitsa malo a mfumu kuti lilipire ngongole za asilikali, ndipo amene anapita ku Ireland pambuyo pake analipidwa ndi minda yolandidwa kwa eni dziko a kumeneko. Pa nkhondo yapachiweniweni, wogwira thumba la ndalama ndi nkhokwe ya zida amakhala ndi njira yolekanitsira madandaulo a m'mimba ndi madandaulo a ndale, n'kuthetsa oyambawo kuti achiwiriwo atsale opanda owamenyera.

Palinso vuto lina lozama, limene ndikuona kuti ndilo linali lovuta kwambiri kulithetsa. Ma Levellers ankafuna chisankho chaufulu, koma anthu ambiri a ku England sanali kumbali yawo, ngakhalenso kumbali ya gulu lankhondo. Dziko linali litatopa. Kale mu 1645 anthu a m'midzi ya kum'mwera ndi kumadzulo, otchedwa ma Clubmen, anatenga zibonga kuti athamangitse asilikali a mbali zonse ziwiri m'minda mwawo. Zokolola zinavuta zaka zotsatizana kumapeto kwa zaka za m'ma 1640, misonkho inali yolemera, ndipo mabanja ankakakamizidwa kugoneka ndi kudyetsa asilikali m'nyumba zawo. Pa Khrisimasi ya 1647 ku Canterbury kunabuka zipolowe chifukwa aphungu analetsa chikondwererocho, ndipo mu 1648 anthu a ku Essex, Surrey ndi Kent analemba zikalata zopempha kuti boma ligwirizane ndi mfumu ndipo asilikali abalalitsidwe. Chisankho chaufulu pa nthawi imeneyo chikanabweretsa aphungu ofuna kubwezera Charles pampando ndi kulanga amene anamugonjetsa. Akuluakulu a asilikali ankadziwa zimenezi. Ma Levellers nawonso anazizindikira, n'chifukwa chake m'mapangano awo otsatira analemba kuti amene anathandiza mfumu asavote kwa zaka zingapo. Gulu limene maziko ake ndi chivomerezo cha anthu onse linafika poti silingapulumuke popanda kutsekera kunja gawo lalikulu la anthu omwewo.

Otsatira awo analinso ochepa kuposa momwe phokoso lawo linkamvekera. Mu London, mzinda wa anthu pafupifupi 400,000, ankatha kusonkhanitsa chinamtindi, ndipo ananena kuti chikalata chawo cha pa 11 Seputembala 1648 chinasainidwa ndi anthu 40,000. Koma England anali dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni asanu, ambiri a iwo okhala kumudzi ndi olima minda ya eni malo, ndipo kwa anthu amenewa ma Levellers analibe uthenga wamphamvu pa nkhani ya malo. Poopa dzina loipa limene anapatsidwa, anafika polemba m'pangano lawo lomaliza kuti Nyumba ya Malamulo isadzakhale ndi mphamvu yofananiza chuma cha anthu kapena kuika zinthu zonse m'manja mwa onse. Motero olemera sanasiye kuwaopa, pomwe osaukitsitsa sanapeze chifukwa chokwanira chowafera. Amene anakhudza nkhani ya malo mwachindunji anali ma Diggers a Gerrard Winstanley, omwe mu Epulo 1649 anayamba kulima limodzi pa St George's Hill ku Surrey, koma anali anthu makumi ochepa chabe, ndipo eni malo a m'deralo anawathamangitsa pasanathe chaka ndi mwezi.

Kumapeto kwa 1648 akuluakulu a asilikali anawafunanso ma Levellers, chifukwa ankakonzekera kulimbana ndi aphungu amene ankafunitsitsa kugwirizana ndi mfumu. Lilburne anaumirira kuti pangano la anthu liyambe lavomerezedwa asilikali asanagwire mphamvu, poopa kuti dziko lidzangochoka m'manja mwa wankhanza mmodzi n'kulowa m'manja mwa lupanga. Anagwirizana zokhazikitsa komiti yolemba pangano latsopano. Zokambirana zili mkati, pa 5 Disembala aphungu anavota 129 kwa 83 kuti apitirize kukambirana ndi mfumu, ndipo m'mawa mwake Colonel Thomas Pride anaima pakhomo la Nyumba ya Malamulo ndi asilikali ndi mndandanda wa mayina, n'kumanga aphungu pafupifupi 45 ndi kubweza ena ambiri. Pangano lija akuluakulu a asilikali analisintha ku Whitehall, analipereka kwa aphungu otsalawo pa 20 Januwale 1649, aphunguwo anathokoza, ndipo silinakambidwenso. Patatha masiku khumi Charles anadulidwa mutu. Lilburne anatsutsa mlandu umene mfumuyo inazengedwa, ponena kuti bwalo losankhidwa ndi kagulu ka aphungu otsala linalibe mphamvu yochokera kwa anthu yoweruzira munthu aliyense, ngakhale mfumu. Khalidweli ndi lolemekezeka, koma linawasiya opanda malo pa ndale za nthawiyo: sanali a mfumu, sanalinso a boma latsopano, ndipo nkhondo yapachiweniweni siisiya mpata wa mbali yachitatu.

Zotsatira zake zinabwera msanga. Lilburne atasindikiza timabuku tonena kuti England wavekedwa maunyolo atsopano, iye pamodzi ndi Overton, Walwyn ndi Thomas Prince anamangidwa pa 28 Malichi 1649. Lilburne analemba kuti ali panja pa chipinda cha bwalo lolamulira dziko anamva Cromwell akumenya tebulo ndi kunena kuti palibe njira ina yochitira ndi anthu amenewa koma kuwaphwanya, apo ayi iwo ndiwo adzaphwanya boma. Masiku ochepa pambuyo pake, abusa a mipingo ya Baptist ya mu London, pakati pawo William Kiffin, anapita ku Nyumba ya Malamulo kukanena kuti sakugwirizana ndi omangidwawo, ndipo aphungu anawatsimikizira ufulu wawo wopembedza. Uku kunali kuluza kwakukulu, chifukwa mipingo yodziyimira payokha ndiyo inali njira imene timabuku ndi zikalata zinkayendera. Anthu a mipingoyi anali atapeza chimene ankafuna kwambiri, ndipo ankadziwa kuti ufulu wawo wopembedza ukutetezedwa ndi asilikali, pomwe chisankho cha anthu onse chikanatha kubweretsanso mabishopu. Amene sanawataye omangidwawo anali amayi, omwe mu Epulo anadzaza pakhomo la Nyumba ya Malamulo mazanamazana ndi chikalata chopempha kuti amasulidwe. Anauzidwa kuti apite kwawo akasamale za pakhomo, ndipo anabweranso mu Meyi ndi chikalata china chonena kuti nawonso analengedwa m'chifanizo cha Mulungu ndipo ali ndi gawo pa ufulu wa dziko, ngakhale kuti ma Levellers eni ake sanapemphepo voti ya amayi.

M'gulu lankhondo, zigawo zopita ku Ireland zinasankhidwa mwa maere, ndipo okana ankachotsedwa ntchito popanda malipiro awo. Msilikali wachinyamata Robert Lockyer anawomberedwa pabwalo la tchalitchi cha St Paul pa 27 Epulo chifukwa cha kugalukira kwa asilikali kumene kunachitika ku Bishopsgate mu London, ndipo anthu zikwizikwi anaperekeza maliro ake atavala timaliboni tobiriwira, chizindikiro cha ma Levellers. Kumayambiriro kwa Meyi apakavalo amene anali ku Salisbury anakana kumvera akuluakulu awo, anasankhanso nthumwi, n'kuyamba ulendo wopita kumpoto kukakumana ndi ogalukira ena. Analibe mtsogoleri wodziwika, ndipo ankakhulupirira kuti akukambirana ndi Fairfax kudzera mwa mthenga wake. Usiku wa pa 14 Meyi ali m'tulo ku Burford, Fairfax ndi Cromwell anawagwera atayenda ulendo wautali tsiku limodzi. Pafupifupi 340 anatsekeredwa m'tchalitchi cha m'tauniyo, ndipo mmodzi wa iwo, Anthony Sedley, anazokota dzina lake ndi chaka pa mtovu wa chobatiziramo, mawu amene akuwerengekabe mpaka lero. Pa 17 Meyi atatu, Cornet Thompson, Corporal Perkins ndi Private Church, anawomberedwa pabwalo la tchalitchicho anzawo akuonerera. Masiku otsatira yunivesite ya Oxford inapatsa Fairfax ndi Cromwell madigiri aulemu, ndipo mu Juni amalonda olemera a mu London anawakonzera phwando.

Zofanana ndi zimenezi zinaonekanso m'maiko ena, ngakhale kuti nkhondo iliyonse ili ndi nkhani yake. Mu Malichi 1921, nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia ikutha, amalinyero a ku Kronstadt, omwe anathandiza chipani cha Bolshevik kutenga boma mu 1917, anapempha zisankho zatsopano zachinsinsi za makhonsolo a antchito ndi ufulu wolankhula. Anauzidwa kuti akuthandiza adani, ndipo asilikali a boma anawoloka nyanja youndana n'kuwaphwanya. Ku Barcelona mu Meyi 1937, pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, antchito amene anali atatenga mafakitale ndi kuyendetsa zinthu kudzera m'makomiti awo anagonjetsedwa ndi boma la mbali yawo yomwe, pa mfundo yakuti choyamba n'kugonjetsa Franco, mkulu wa asilikali amene ankatsogolera mbali ya adani awo. Konseko ofuna kuti anthu wamba alamulire anathyoledwa ndi anzawo a mbali imodzi, omwe ndiwo ankayendetsa nkhondo ndi kugawa zida ndi chakudya.

Chikondi cha anthu a mu London pa Lilburne sichinathe ndi Burford. Mu Okutobala 1649 anazengedwa mlandu woukira boma ku Guildhall, anadziteteza yekha, ndipo anthu wamba khumi ndi awiri oweruza mlanduwo anamupeza wosalakwa, khamu likufuula ndi chimwemwe ndi kuyatsa moto m'misewu. Anathamangitsidwa m'dziko mu 1652, anabwerera mu 1653, anazengedwanso, anapezekanso wosalakwa, koma boma linangomusunga m'ndende, ku Jersey kenako ku Dover, popeza panalibenso asilikali oti amumenyere. Analowa mpingo wa Quaker ndipo anamwalira mu 1657. Sexby ndi John Wildman, omwe analankhula ku Putney, anafika popangana ndi anthu a mfumu kuti achotse Cromwell, ndipo Sexby anafera mu Tower of London mu 1658.

Cromwell naye sanapeze njira yolamulira ndi chivomerezo cha anthu. Anabalalitsa aphungu otsala aja ndi asilikali mu Epulo 1653, anakhala wolamulira dziko pa udindo wa Lord Protector mu Disembala chaka chomwecho, ndipo anakangana ndi Nyumba za Malamulo zimene anaitanitsa pambuyo pake. Atamwalira mu 1658 boma lake silinakhalitse. Chisankho cha mu 1660, chimene chinali chomasuka kuposa zonse kuyambira pamene nkhondo inayamba, ngakhale kuti ovota anali eni chuma okhaokha monga kale, chinabweretsa aphungu amene anaitana Charles Wachiwiri kuti adzakhale pampando wa bambo ake. Pa 30 Januwale 1661 mitembo ya Cromwell ndi Ireton inafukulidwa n'kupachikidwa ku Tyburn, malo amene ankanyongerapo olakwa ku London. Voti ya amuna onse a zaka 21 kupita m'tsogolo, imene Rainsborough anaimenyera ku Putney, inadzakhala lamulo ku Britain mu 1918, ndipo amayi anafanana ndi amuna pa ufuluwu mu 1928.